Kutchuka, Kusiya ndi Kuyambiranso: Njira ya Wambali Mkandawire wa ku Mlowe

Woimba wachinyamata akatchuka m'dziko muno, dzina limafika patali ndalama zisanabwere. Nyimbo yake imalira m'minibasi, m'malo omwera ndi pa wailesi, anthu amamuloza akamadutsa pamsika, koma zida zimene akuimbira n'zobwereka, nyumba ndi yalendi, ndipo gulu lonse likudya m'thumba la munthu mmodzi. Mwini thumbayo akatopa, kapena anthu akatengeka ndi woimba wina, mnyamata uja amatsala ndi dzina lokhalokha. Ambiri amathera pomwepo. Owerengeka amayambiranso. Mwa oyambiransowa, mbiri yoonekera bwino ndi ya malemu a Wambali Mkandawire a ku Mlowe m'boma la Rumphi, amene anayamba ndi nyimbo zachizungu zovinitsa achinyamata mumzinda wa Blantyre, n'kusiya, n'kuyambiranso kangapo, mpaka kudzalandira ulemu waukulu ali ndi zaka 50.

A Mkandawire anabadwa pa 10 Julaye 1952 m'dziko la Congo, kwa makolo ochokera ku Mlowe. Masiku amenewo kubadwira kunja sichinali chachilendo kwa mwana wa kumpoto. Sukulu za mishoni ya Livingstonia zinkatulutsa makalaliki, aphunzitsi ndi amisiri ochuluka kuposa ntchito zimene zinalipo mu Nyasaland, choncho ambiri ankalowera ku Congo, ku Northern Rhodesia, ku Tanganyika, ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Akadali mwana, a Mkandawire anabwera kudzakulira kumudzi, m'manja mwa agogo awo. Mlowe ali m'mbali mwa nyanja ya Malawi, m'dera la Mfumu Yaikulu Mwamlowe, pafupi ndi pomwe mtsinje wa South Rukuru umathira m'nyanja. Kumbuyo kwa midzi kuli mapiri, kutsogolo kuli madzi, ndipo anthu ake amadalira usodzi ndi chinangwa.

Ngakhale derali lili kwalokha, nyimbo zinkafikako kuchokera mbali zonse. Kunali ng'oma za vimbuza, gule wochiza odwala mizimu pakati pa Atumbuka. Kunali malipenga, gule wa amuna a m'mbali mwa nyanja amene amavina moguba ngati asilikali. Kunali nyimbo za m'tchalitchi za m'Chitumbuka. Agogo awo, amene anakhalapo ku Congo, anabwera ndi nyimbo za kumeneko. Amuna obwerera ku migodi ankabwera ndi za ku Joni, ndipo wailesi inkabweretsa nyimbo za achinyamata a ku Britain ndi ku America. Kwa mnyamata wokula m'zaka za m'ma 1960, za pa wailesizo ndizo zinali zamakono, pomwe za kumudzi zinkaoneka ngati za agogo. Akuluakulu a pabanja sanakondwe ndi maganizo oimba. Kumpoto sukulu ndiyo inali chuma cha banja, ndipo mwana wogwira gitala ankatengedwa ngati wayamba kusochera.

M'zaka za m'ma 1970 a Mkandawire anali ku Blantyre, komwe analowa gulu loimba la Pentagon. Pa nthawiyo ankadziwika ndi dzina lakuti Greenwood. Gululi linkaimba nyimbo za pop ndi rock, iwo ali woimba wotsogolera, ndipo m'kupita kwa nthawi linayamba kusakaniza rock ndi kaimbidwe ka Chimalawi. Inali nyengo ya magulu: Jazz Giants, MBC Band, Police Orchestra, Likhubula River Dance Band ya a Robert Fumulani, ndipo chakumapeto kwake gulu la Kalimba. Magulu a m'tauni ankaimba m'mahotela, m'maholo ndi m'malo achisangalalo. Kwa gulu loimba zachizungu, luso linkayezedwa ndi chinthu chimodzi: kuimba nyimbo yakunja ndendende momwe ikumvekera pa chimbale, kuti wovina atsinzine maso n'kuganiza kuti ali ku London.

Kutchuka kwa nthawi imeneyo kunali ndi khomo limodzi. Wailesi inali imodzi, ya MBC, yomwe inayamba mu 1964 ndipo inali m'manja mwa boma. Kanema wa dziko lino anadzatsegulidwa mu 1999. Nyimbo ikalira pa MBC, ndiye kuti yamveka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ikakanidwa, yafera m'holo momwe inaimbidwira. Lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe la Censorship Board, lokhala ndi mphamvu yoletsa nyimbo, mabuku ndi mafilimu. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna nawo analetsedwa kusunga tsitsi lalitali, chonsecho maonekedwe amenewa ndiwo anali a oimba rock padziko lonse. M'chaka cha 1968 chomwecho Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa ziyankhulo zoulutsira mawu pa wailesi. Mnyamata wa ku Rumphi wofuna kumveka dziko lonse ankaona yekha kuti njira yachidule ndi Chingerezi kapena Chichewa.

Vuto lalikulu linali ndalama. Gitala yamagetsi, ng'oma zachizungu ndi zokuzira mawu zinkagulidwa kunja, pa mtengo umene achinyamata sakanaufikira. Kawirikawiri zida zinkakhala za hotela, za kampani kapena za munthu wachuma wokonda nyimbo, ndipo mwini zida ndiye anali mwini gulu. Ndalama za pakhomo zikagawidwa, atachotsapo za holo, za galimoto ndi za mwini zida, woimba ankatsala ndi zogulira ndiwo za masiku ochepa. Makampani opanga zimbale oti n'kuwadalira kunalibe. Oimba ambiri ankajambulidwa ku situdiyo za MBC, matepi n'kutsala komweko. Bungwe lotolera ndalama za umwini wa nyimbo linadzayamba mu 1992. Motero munthu ankatha kudziwika mzinda wonse koma alibe chomugwira gulu likatha. Magulu okhalitsa anali a boma, monga la apolisi, la asilikali ndi la MBC, chifukwa oimba ake ankalandira malipiro pakutha pa mwezi.

Pamwamba pa umphawi wobisikawu pali katundu wina amene amagwera woimba wotsogolera kuposa anzake. Iye ndiye nkhope ya gulu. Woliza ng'oma angathe kuchoka lero n'kukalowa gulu lina mawa anthu osazindikira, koma wotsogolera amayenda ndi dzina kulikonse. Ntchito yake imayamba usiku, m'malo a mowa, pakati pa anthu omugulira ndi omutamanda amene sadzaoneka tsiku la mavuto. Achibale kumudzi akamva dzina pa wailesi amati mwana wawo walemera, ndipo mapempho a fizi ndi feteleza amayamba kufika. Kubwerera ku ntchito wamba kumachititsa manyazi, popeza aliyense akumudziwa ndipo aliyense afunsa kuti zoimba zija zinathera pati. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Oimba ena amathera m'mowa, ena m'ngongole, ena amangozimirira anthu osadziwa komwe alowera.

Gulu la Pentagon linatha chifukwa chosowa ndalama. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 a Mkandawire anatembenuka mtima, n'kulowa maphunziro a utumiki wachikhristu. Uku ndiko kunali kuyambiranso koyamba, ndipo kunatenga nthawi. Sanachoke pa siteji ya m'hotela Loweruka n'kukaimba kutchalitchi Lamulungu. Panadutsa zaka zingapo ali wophunzira chabe, popanda khamu lowaombera m'manja, asanagwirenso maikolofoni pagulu. Cha m'ma 1984 analowa gulu la New Song la bungwe la Youth for Christ monga mmodzi mwa oimba. Gululi linkayenda m'masukulu ndi m'matchalitchi, mpaka kukafika ku Zimbabwe, ku Namibia ndi ku South Africa. Omvera tsopano anali ana asukulu okhala pa mabenchi masana, ndipo nyimbo inali ndi ntchito yonyamula uthenga.

Njira yotereyi si ya ku Malawi kokha. Ku America, Little Richard anasiya nyimbo za rock and roll mu 1957, dzina lake lili pachimake, n'kupita kukaphunzira za ubusa. Ku Britain, Cat Stevens, atagulitsa zimbale mamiliyoni, analowa Chisilamu mu 1977, n'kutenga dzina lakuti Yusuf Islam, ndipo pambuyo pa 1978 sanatulutsenso chimbale cha pop mpaka mu 2006. Koma anthu amenewa ankachoka pa kutchuka kwa m'mayiko okhala ndi msika waukulu wa zimbale, komwe nyimbo zakale zimapitirira kugulidwa mwini wake atasiya. Woimba wa ku Malawi akasiya, amachoka chimanjamanja. Kuwonjezera pa chikhulupiriro, utumiki unapatsa a Mkandawire zinthu zimene gulu la m'hotela silikanawapatsa: maphunziro, dongosolo la moyo wa tsiku ndi tsiku, anthu owawerengera ngakhale asakuimba, komanso mwayi woyenda m'mayiko ndi kumva momwe mitundu ina imaimbira.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anali ku South Africa, akugwira ntchito ndi achinyamata ku Alexandra, komboni ya anthu akuda mumzinda wa Johannesburg. Inali nthawi yowawa ya ulamuliro wa tsankho, boma litakhwimitsa malamulo achitetezo, achinyamata a m'makomboni akulimbana ndi apolisi m'misewu. Anaimbanso ndi gulu la Friends First, la akuda ndi azungu pamodzi, lomwe nyimbo zake zinkatsutsa tsankho. Mu 1988 a Mkandawire anajambula chimbale chawo choyamba mumzinda wa Cape Town. M'chaka chomwecho gulu la Ladysmith Black Mambazo, loimba ndi pakamwa pokha kaimbidwe ka Azulu ka m'makomponi a ogwira ntchito, linalandira mphotho ya Grammy ku America. Dziko la South Africa linkaonetsa poyera kuti nyimbo ya ku Africa yolemekezedwa kunja ndi yomveka kuti yachokera kwawo, pomwe yotsanzira azungu ilibe msika kwa eni ake.

Mu 1989 a Mkandawire anapita ku Britain kukaphunzira za ubale wa nyimbo, Baibulo ndi zikhalidwe za anthu. Funso lalikulu la maphunziro otere ndi lakuti, kodi Mkhristu wa ku Africa ayenera kutaya kaimbidwe ka makolo ake kuti apembedze? Yankho lina linali kale m'mbiri ya kwawo. Mishoni ya Livingstonia, yomwe inakhazikika ku Khondowe m'boma la Rumphi mu 1894 motsogozedwa ndi Robert Laws, inakhala ndi mwambo wosiyana ndi mishoni zambiri. Ku Embangweni, m'boma la Mzimba, mbusa Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawozawo pa maimbidwe a Chingoni ndi Chitumbuka. Anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapeka nyimbo zomwe zikuimbidwabe m'matchalitchi a CCAP kumpoto. Choncho a Mkandawire, pobwerera ku kaimbidwe ka kwawo, ankatsata njira imene ena anailambula kale.

Iwo anaipititsa patsogolo njirayo. Mipingo inalandira mang'ombe ndi kathiridwe ka mawu ka makolo, koma inakhala ikukayikira ng'oma, makamaka za vimbuza, poziona ngati zoitanira mizimu. Gule ameneyu anadzazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, komabe m'mipingo yambiri nkhawa ija sinathe. Nyimbo za a Mkandawire zinatenga kalizidwe ka ng'oma za kumpoto, kayankhidwe ka wotsogolera ndi otsatira, ndi mawu a m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, n'kuziluka pamodzi ndi jazi, malipenga achizungu ndi gitala. Zaka zija za ku Pentagon sizinapite pachabe, chifukwa kumeneko ndi kumene anaphunzira kutsogolera gulu la zida zamagetsi ndi kugwira khamu. Chimene chinasintha ndi maziko: nyimbo yakunja inasanduka chida, ya kumudzi n'kukhala mwini nyumba.

Atabwerera kumudzi anapeza dziko likugwedezeka. Pa 8 Malichi 1992 mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi. Pa 6 Epulo chaka chomwecho a Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a ogwira ntchito wochokera ku Mhuju m'boma lomwelo la Rumphi, anamangidwa pa bwalo la ndege la Kamuzu atangotsika. A Mkandawire anali m'gulu la anthu olimbikitsa kuti a Chihana amasulidwe. Pamene wailesi ili imodzi ndipo ili ya boma, woimba woonedwa ngati wa otsutsa amakhala wadzitsekera yekha khomo. Nyimbo zawo sizinalandiridwe mokwanira m'dziko muno, ndipo ena ankaopa kuoneka nawo pafupi. A Chihana anatuluka m'ndende masiku ochepa chisanachitike chisankho cha riferendamu cha pa 14 Juni 1993, ndipo pambuyo pa chisankho cha 1994 Chitumbuka chinabwerera pa MBC.

Ufulu utabwera, msika wa nyimbo unalowera kwina. Zaka za m'ma 1990 zinali za makaseti, za rege ya ku Balaka ya a Paul Banda ndi mng'ono wawo Lucius, zojambulidwa pa kiyibodi motsika mtengo ndi kugulitsidwa kudzera kwa O.G. Issa ku Limbe. Nyimbo za a Mkandawire zinkafuna gulu lalikulu, oimba odziwa ndi situdiyo yabwino, zinthu zodula zimene msika wa makaseti sukanabweza ndalama zake. Uku kunali kuyambiranso kwachiwiri, kopanda phokoso. Ankayenda m'matchalitchi a mayiko akunja kukaimba, anayambitsa ntchito yosindikiza ndi kulimbikitsa luso pamodzi ndi akazi awo, ndipo anakhazikika ku Mzuzu, kutali ndi Blantyre ndi Lilongwe komwe mayina amapangidwa. Sanasinthe kaimbidwe kuti afanane ndi zimene zinkagulidwa pa nthawiyo.

Zipatso zinadzaoneka mu 2002, pamene chimbale cha Zani Muwone chinatuluka. Chinajambulidwa ku Johannesburg motsogozedwa ndi JB Arthur, ndipo chinamveka ku South Africa ndi ku Malawi komwe. A Mkandawire anaitanidwa kukaimba ku chikondwerero cha North Sea Jazz Festival mumzinda wa Cape Town. Dzina lawo linalowa pa mndandanda wa opikisana pa mphotho za Kora, zomwe pa nthawiyo zinali zazikulu kwambiri mu Africa. Chimbalecho chinapata mphotho ya SAMA, ya oimba a ku South Africa, mu 2003, ndipo iwo analandiranso mphotho ya luso ya WIPO, nthambi ya United Nations yoona za umwini wa ntchito zaluso. Zonsezi zinadza patadutsa zaka zoposa 20 chithereni gulu la Pentagon, ndipo zinadza ndi nyimbo za m'chiyankhulo chomwe chinachotsedwa pa wailesi iwo ali mnyamata.

Kutchuka kwachiwiriku anakugwira mosiyana ndi koyamba. Sankaimba kumapeto kwa sabata iliyonse. Zoimbaimba zawo zinkachitika patalipatali, zokonzedwa bwino, m'maholo momwe anthu amakhala pansi n'kumvetsera. Mu 2007, atatulutsa chimbale cha Moto, analengeza kuti asiya kuimba pagulu. Gulu la Pentagon linatha chifukwa thumba linauma, koma ulendo uno anasiya okha, dzina lili pamwamba, kuti aike mtima pa utumiki. Mu 2011 anabwereranso ndi chimbale cha nyimbo zopembedza cha Liberty, ndipo mu 2015 anatulutsa Calabash Breath, cha jazi. Munthu amene ali ndi ntchito ina yomudziwitsa kuti iye ndani amatha kuchoka pa siteji ndi kubwererapo mwakufuna kwake. Amene alibe amakakamira pa siteji mpaka anthu atamuthawa. A Mkandawire, amene ambiri ankawatcha Mtebeti, anamwalira pa 31 Januwale 2021 ndi matenda a Covid-19, ali ndi zaka 68.

Masiku ano makomo a kutchuka achuluka. Wachinyamata wa pa Boma la Rumphi, ku Bolero kapena ku Chiweta angathe kujambula nyimbo pa kompyuta m'kachipinda, n'kuitumiza pa WhatsApp, pa TikTok ndi pa YouTube, ndipo sabata isanathe yamveka ku Lilongwe ndi ku Joni. Mawailesi ndi ambiri, ena a mipingo monga Voice of Livingstonia, ena a m'madera. Koma kutchuka kobwera msanga kumapitanso msanga, chifukwa nyimbo zatsopano zimatuluka tsiku ndi tsiku. Kwabweranso katundu amene oimba akale sankamudziwa. Kale wonyoza ankanyozera pamowa, woimba osamva. Lero chipongwe chimalembedwa pa Facebook, chimawerengedwa ndi anthu zikwizikwi, ndipo woimba amachiwerenga ali yekha pa foni yake usiku. Chibwenzi chikatha, ngongole ikavuta kapena zovala zikabwerezedwa, zonse zimasanduka nkhani ya dziko.

Nkhani ya ndalama nayo yasintha pang'ono chabe. Kugulitsa makaseti ndi ma CD kunatha, ndipo nyimbo zambiri zimafalikira kudzera m'timashopu toika nyimbo m'mafoni ndi m'mamemori khadi, woimba osalandirapo kanthu mwachindunji. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anatchuka padziko lonse atapitirira zaka 90, pamene nyimbo yawo ya Linny Hoo, yomwe anaimba ndi Patience Namadingo, inaonedwa maulendo mamiliyoni ambiri pa TikTok, koma kuonedwa kotero sikusanduka ndalama pakokha. Bungwe la COSOMA limatolera ndalama kwa mawailesi ndi malo ogwiritsa ntchito nyimbo, ndipo lamulo latsopano la umwini wa ntchito zaluso la 2016 linatsegula njira ya msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo. Ndalama zimenezi zimafika kwa woimba amene analembetsa nyimbo zake. Wachinyamata wosainira pepala osaliwerenga, kapena wosiya nyimbo m'dzina la mwini situdiyo, ali pomwe panali oimba a zida zobwereka aja.

Oimba ena a m'dziko muno anayambiransopo, aliyense m'njira yake. A Lucius Banda anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ku Balaka mu 2004, anataya mpandowo atamangidwa mu 2006, ndipo khoti lalikulu litawamasula pa apilo anabwerera ku gulu lawo la Zembani n'kupitiriza kutulutsa zimbale. Chinawagwira ndi gulu lawolawo ndi zida zawozawo. Patience Namadingo anatchuka ali wamng'ono ndi nyimbo yauzimu ya Mtendere, ndipo patapita zaka anatulukiranso ndi kaimbidwe kena, mpaka kufika pa nyimbo zachikondi monga Mapulani mu 2020. Iye anayenda njira yosemphana ndi ya a Mkandawire, kuchoka ku zauzimu zokhazokha kupita ku nyimbo za aliyense, ndipo ena mwa omukonda akale anadandaula. Izi zikusonyeza kuti chinsinsi cha kuyambiranso sichili m'chamba cha nyimbo chimene woimba wasankha.

Pali mbali ina imene pa nthawi ya a Mkandawire sinkatchulidwa n'komwe, ya umoyo wa m'maganizo. Woimba amene dzulo ankadzaza holo, lero foni yake osalira, amatha kugwidwa ndi kukhumudwa kwakukulu, kusowa tulo, kapena kudalira mowa ndi chamba kuti aiwale. Pachikhalidwe, mwamuna salira, ndipo munthu wotchuka amaopa kuoneka pa mzere wa kuchipatala. Koma awa ndi matenda ochizika. Ku Mzuzu, komwe anthu a ku Rumphi amafika ndi minibasi ulendo umodzi, kuli chipatala cha St John of God chomwe chimathandiza odwala matenda a m'maganizo ndi ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo chipatala cha boma cha Rumphi chingathe kutumiza wodwala kumeneko. Abale ndi ampingo amathandiza kwambiri akamulandira munthu wotere monga mwana wa pakhomo, osamufunsa tsiku ndi tsiku kuti nyimbo yatsopano ituluka liti.

Mbiri zonsezi zikaikidwa pamodzi, pamaoneka zinthu zinayi zimene oyambiranso bwino amafanana. Choyamba ndi kulola kuti padutse nthawi, osathamangira kutulutsa nyimbo ina poopa kuiwalika. Chachiwiri ndi kubwerera pa mpando wa wophunzira, kaya ndi kusukulu, kaya ndi kwa oimba achikulire, kaya ndi m'gulu la anthu ena komwe munthu sali wotsogolera. Chachitatu ndi kukhala ndi ntchito ndi anthu kunja kwa siteji, kuti chakudya ndi ulemu zisadalire kuchuluka kwa anthu obwera ku zoimbaimba. Chachinayi ndi kukhala ndi chakechake: zida, umwini wa nyimbo, ndi kaimbidwe kamene wina sangakatsanzire mosavuta. Woimba wotsanzira za ku Nigeria kapena amapiano a ku South Africa amapikisana ndi anthu zikwizikwi, kuphatikizapo eni ake a nyimbozo, amene ali ndi situdiyo zabwino ndi ndalama zambiri.

Kwa wachinyamata wa ku Rumphi, situdiyo zazikulu, makampani olipira zoimbaimba ndi maholo odzaza akadali ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, choncho wofuna kukula pa luso amayenera kuchoka kwawo monga anachitira a Mkandawire. Zopinga zina zimene iwo anakumana nazo zinachoka. Chitumbuka chikumveka pa mawailesi ambiri, khomo la nyimbo silinso limodzi, ndipo lamulo likuteteza umwini wa ntchito zaluso. Ng'oma za vimbuza, magule ovinidwa pa mwambo wa Gonapamuhanya ku Bolero, malipenga a m'mbali mwa nyanja ndi nyimbo za m'matchalitchi a Livingstonia zikadalipo, ndipo mbali yaikulu ya chuma chimenechi sinalowebe m'nyimbo zamakono. Zopinga zimene zatsala ndi zakale zomwe zija: ndalama zochepa, mapangano osalembedwa, ndi dzina lobwera munthu asanakonzeke kulisenza.